Phala la Oats: Kaphikidwe ndi Kadyedwe Kake Pakhomo

Phala si mlendo pakhomo pathu. Tonse tinakulira phala, kaya la mgaiwa, la mpunga kapena la ufa woyera lothira nsinjiro, ndipo ana ambiri masiku ano amamwa likuni phala kusukulu. Koma m'masitolo a m'tauni ndi m'magolosale ena a pa boma mukupezeka paketi ina yolembedwa kuti oats. Ena anaigula atauzidwa kuchipatala kuti asamale mtima, ena anachita kutumiziridwa ndi mwana wawo wa ku Joni, ena anangofuna kulawa. Ambiri anaphikako kamodzi, n'kutuluka chinthu chonanda chosadziwika kukoma kwake, basi paketi ija n'kuiponya m'kabati mpaka anankafumbwe anamangamo mudzi. Kabuku kano talembera mabanja otero.

Tinene poyambirira kuti oats si mankhwala, ndipo sanabwere kudzalanda malo a mgaiwa. Ndi chakudya chabwino koma chokwera mtengo, chifukwa chimachokera kunja. Tsono ngati mwatulutsa ndalama n'kugula, muphike bwino, ndipo zokometsera zake zikhale za m'munda mwanu ndi za pamsika wapafupi.

Kodi oats n'chiyani?

Oats ndi mbewu ya m'gulu la udzu, m'bale wake wa tirigu. Amakonda malo ozizira ndi achinyezi, n'chifukwa chake amalimidwa kwambiri ku Canada, Russia, Poland, Finland ndi Australia. Ku South Africa amalimidwanso, makamaka chigawo cha Western Cape, ndipo Jungle Oats amene timaona m'masitolo muno amachokera m'dzikolo.

Kufakitale amangochotsa mankhusu akunja osadyeka aja. Gaga ndi mtima wa njere zimatsala. Pamenepa oats akufanana ndi mgaiwa, osati ufa woyera umene chimanga chake timakonola n'kuchiviika. Njere ya oats ili ndi mafuta ochulukirapo kuposa mbewu zambiri zinzake, pafupifupi magalamu 7 pa magalamu 100 aliwonse, ndiye amaitenthetsa ndi nthunzi kuti mafutawo asaonongeke msanga. Akatero amaidula kapena kuiphwathalalitsa, ndipo apa ndi pamene pamachokera mitundu imene mungaipeze:

Woduladula, wolembedwa kuti steel-cut kapena pinhead. Amaoneka ngati mpunga wosweka. Amapsa pakatha mphindi 20 mpaka 30 ndipo amamwa madzi ambiri, makapu 3 kapena 4 pa kapu imodzi. Sapezeka wamba kuno.

Wophwathalala, wolembedwa kuti rolled. Uyu ndiye wofala, ndipo malangizo ambiri a m'kabuku kano akunena za iyeyu. Amapsa m'mphindi 5 mpaka 10.

Wofulumira, wolembedwa kuti quick kapena instant. Ndi wopyapyala kwambiri, moti wina amangofuna madzi owira basi. Chenjerani ndi timapaketi ting'onoting'ono tokometseratu tija. Mumakhala shuga wambiri, ndipo mukawerengera pa kilogalamu mupeza kuti mwalipira ndalama zochuluka kugula shuga amene muli naye kale m'nyumba. Tembenuzani paketi muwerenge mndandanda wa zimene zilimo. Paketi yabwino imangotchula chinthu chimodzi, oats yekha.

Kuterera kuja n'kwabwino

Chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri ndi kuterera kwa phalali, kokhala ngati kwa therere. Musadabwe nako. Kumachokera ku gaga wina wosungunuka m'madzi wotchedwa beta-glucan, ndipo iyeyu ndiye wachititsa kuti oats atchuke. Akafika m'matumbo amanandanso chimodzimodzi, chakudya n'kumagayika pang'onopang'ono. Munthu amakhalitsa asanamve njala, shuga sakwera mwadzidzidzi m'magazi, ndipo mafuta oipa a m'magazi otchedwa cholesterol amatsikako. M'chaka cha 1997 bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America linalola kuti ubwino wake pa cholesterol ndi mtima uzilembedwa pa mapaketi, potengera muyezo wa magalamu 3 a beta-glucan patsiku. Mbale imodzi ya munthu wamkulu imapereka pafupifupi theka la muyezo umenewo. Amene ali pa mankhwala a mtima, a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga asawasiye chifukwa ayamba kumwa phala la oats.

Muyezo

Munthu wamkulu mmodzi amakwana theka la kapu ya oats wosaphika, omwe ndi magalamu pafupifupi 40. Ndiye kuti paketi ya magalamu 500 imatulutsa mbale 12, ya kilogalamu imodzi mbale 25. Werengani pakhomo panu muli angati, mudziwiretu kuti paketi ikhala masiku angati.

Pa kapu imodzi ya oats wophwathalala thirani makapu awiri ndi theka a madzi. Okonda phala lomwera m'kapu afike makapu atatu. Kapu iliyonse ndi yabwino, bola imene mwayezera oats ikhale yomweyo yoyezera madzi. Mchere ukhale wa ayodini, wongotsina ndi nsonga za zala ziwiri pa munthu aliyense.

Kaphikidwe

Nkhani yonse yagona pa moto. Oats safuna moto waukali. Ngati mukuphika pa mbaula, yambani mwawiritsa madzi a tiyi ndi osamba makala akadali olusa, phala lidzakhale pa moto wotsalawo, pamene makala ayamba kuvala phulusa loyera. Pa mafuwa, sololani nkhuni imodzi kapena ziwiri. Pa mbaula ya magetsi, tsitsani moto likangoyamba kuwira.

Thirani oats ndi madzi ozizira m'poto nthawi imodzi, n'kuteleka. Apa pali kusiyana ndi phala la ufa: simufunika kusungunula kaye m'kapu, chifukwa oats wolowa m'madzi ozizira sachita mibulu. Takasani ndi mthiko mwa apo ndi apo. Poyamba mudzaona timasamba ta oats tikuyandama m'madzi oyera mbuu ngati otsukira mpunga. Pakapita mphindi zitatu kapena zinayi madzi aja amayamba kugwirana, mthiko n'kumalemera m'dzanja. Thirani mchere pamenepo. Kenako phala limayamba kuphulika timabowo pamwamba, phu! phu! kabowo kamodzi kakatsekeka kena n'kutseguka. Moto woyenera ndi umenewo. Likamathovokera m'mbali mwa poto kapena kukuthonyerani pamkono, moto wachuluka. Kuyambira pamenepo takasani kawirikawiri, mthiko uzikhudza pansi ndi m'makona a poto, kwa mphindi zina 5.

Mudziwa kuti lapsa mukakoka mthiko pakati pa poto: kanjira kamatseguka, pansi n'kuoneka kanthawi kochepa, kenako phala n'kubwerera mwaulesi. Phulani, vundikirani, ndipo mulisiye mphindi ziwiri kapena zitatu. Ambiri amadumpha pamenepa chifukwa ana akuchedwa kusukulu, koma mphindi zimenezi ndi zimene oats amamalizira kumwa madzi, ndiponso phala la pansi limadzimatula lokha ku poto. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene sakonda kuterera achite mosiyana: awiritse kaye madzi ndi mchere, kenako awaze oats pang'onopang'ono uku akutakasa, ndipo akatero asatakasenso kwambiri. Timasamba timakhala tokhatokha ndipo phala limamveka m'mano. Kutakasa kwambiri ndi kumene kumatulutsa kunanda.

Pali kachinsinsi kena kosalira ndalama. Musanathire madzi, kazingani oats m'poto wouma kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, monga mmene mumakazingira mtedza, mpaka fungo litayamba kumveka. Asade, angosintha mtundu pang'ono. Munthu amene anakana phalali kuti ndi lozizira m'kamwa, muyeseni ndi lokazingali.

Mkaka umakoma koma supirira moto, umapserera pansi ndipo umasefukira mukangotembenuka. Phikani ndi madzi, mkaka muthire chakumapeto. Wa ufa muusungunule kaye m'kapu ndi madzi ofunda. Wa ng'ombe wogula kwa alimi uyambe wawiritsidwa nthawi zonse.

Anthu a ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, ndi amene amatchuka ndi phalali, ndipo iwo amati phala lenileni limafuna zinthu zitatu zokha: oats, madzi ndi mchere. Amatakasira kamtengo kozungulira kotchedwa spurtle, kamene kali ngati mpini wa mthiko wopanda mutu. M'mudzi wa Carrbridge mumachitika mpikisano wophika phala kuyambira 1994, ndipo mphoto yake imatchedwa Golden Spurtle. Tsiku lokumbukira phala pa dziko lonse, la 10 Okutobala, limayendera limodzi ndi bungwe la Mary's Meals, lomwe linayamba kudyetsa ana a sukulu kuno ku Malawi m'chaka cha 2002. Phala limene ana athu amalandiralo ndi la chimanga ndi soya, osati la oats.

Kusunga makala ndi nthawi

Viikani oats usiku m'poto momwemo, ndi muyezo wake wa madzi, n'kuvundikira. M'mawa amakhala atafewa, ndipo amangofuna kuwira mphindi ziwiri kapena zitatu. Woduladula uja ndiye amapindula kwambiri ndi njira imeneyi. Viikani m'madzi okha, opanda mkaka, ndipo m'mawa phalalo liwire ndithu, makamaka kumadera otentha monga Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Karonga.

Palinso kadyedwe kosaphika n'komwe, kamene dokotala wa ku Switzerland, Maximilian Bircher-Benner, anatchukitsa cha m'ma 1900: oats woviika wosakaniza ndi zipatso. Masiku ano anthu amaviika mu mkaka kapena yogati usiku wonse, m'mawa n'kungodya. Izi n'za amene ali ndi firiji, ndipo ngati magetsi anazima usiku wonse, wiritsani musanadye. Ana aang'ono musawapatse zosaphikazi.

Zokometsera

Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi amaphunzitsa, oats ali m'gulu la zokhutitsa, limodzi ndi nsima, mbatata ndi chinangwa. Mbale imodzi ili ndi zomanga thupi pafupifupi magalamu 5, kuchepera pang'ono pa dzira limodzi. Payekha sakwanira. Mbale ya kadzutsa ikhale ndi magulu atatu kapena anayi, ndipo zimenezi n'zotheka popanda kubwerera kusitolo.

Nsinjiro ndiyo mnzake weniweni wa phalali. Supuni imodzi yaikulu yodzaza pa munthu aliyense imasintha zonse: fungo, kukoma, ndi nthawi imene mwana angakhale m'kalasi asanayambe kuyasamula ndi njala. Ngati nsinjiro ndi ya mtedza wosakazinga, iyambe ndiyo kulowa m'madzi, iwire mphindi 10, oats abwere pambuyo, chifukwa oats amapsa msanga kuposa nsinjiro ndipo mukathira pamodzi phala limamveka chiwisi. Ya mtedza wokazinga, kapena chiponde, mungathire chakumapeto. Koma samalani ndi mtedza wake. Musanasinje, uthireni pa lichero n'kusankha njere iliyonse yonyala, yakuda, yoboola kapena ya nkhungu. Njere zotero zimakhala ndi chuku, poizoni amene amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo kuphika sikumuchotsa. Chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusiya wonyala kuti ukhale wa nsinjiro ya pakhomo n'choopsa, ndipo chiyenera kutha. Wabwinowo ndiye adye ana anu.

Nthochi yakupsa kwambiri, ya timadontho takuda imene ana akuikana, ndiyo shuga wa phalali. Ikanyeni ndi foloko n'kuithira m'poto mphindi imodzi musanaphule. Mbale ya nthochi ndi nsinjiro sifunanso shuga.

Malambe amapatsa phala kuwawasa kokoma ndiponso ali ndi vitamini C wambiri. Aviikeni m'madzi ofunda, tikitani, sefani njere ndi ulusi, ndipo msuzi wake muthire phala litaphulidwa kale, chifukwa moto umaononga vitamini ameneyu. Ngati muli ndi ufa wa malambe, supuni yaing'ono imodzi pa mbale yakwana. Vitamini C amathandizanso thupi kutenga ayironi wa mu oats. Tiyi amachita zosiyana, amatchinga ayironi, ndiye amayi oyembekezera ndi ana ndi bwino adikire ola limodzi asanamwe tiyi.

Zipatso zina zitsate nyengo. Mango m'dzinja, magwafa ochotsa njere, papaya, chinanazi, masuku ofinya, peyala lodula timabenthu. Zonsezi ziikidwe pamwamba phala lili kale m'mbale. Chambiko nachonso chimayenda bwino ndi phala lotentha, ndipo anthu ena amene mkaka wamba umawatsegula m'mimba amachipirira. Ofuna shuga kapena uchi ayeze supuni yaing'ono imodzi n'kuwaza pamwamba osatakasa, lilime limakumana naye poyamba ndipo wochepa yemweyo amamveka.

Phala la oats limathekanso ngati chakudya cha mchere. Kazingani anyezi ndi tomato pang'ono, thirani madzi ndi oats, ndipo likatsala pang'ono kupsa onjezani bonongwe kapena nkhwani wodula bwino. Swerani dzira momwemo n'kutakasa msanga mpaka lipse. Abambo amene amati phala lotsekemera ndi la ana nthawi zambiri ili amalilandira.

Kuti paketi ikhalitse

Banja la anthu asanu ndi mmodzi likamamwa oats yekha tsiku ndi tsiku, paketi ya magalamu 500 imatha m'masiku awiri. Palibe chifukwa chochitira zimenezo. Sakanizani ndi mgaiwa, theka kwa theka, kapena magawo awiri a mgaiwa ndi gawo limodzi la oats. Yambani kuphika mgaiwa monga mwa masiku onse, koma ukhale wamadzimadzi kuposa kale, uwire mphindi 15 mpaka 20. Kenako wazani oats, apse mphindi 5 mpaka 7. Phala lake limakhala losalala kuposa la mgaiwa wokha, ndipo kuterera kwa oats kumachepa, moti ana amene anakana oats poyamba amamwa osafunsa. Ufa wa soya wokazinga ungalowenso limodzi ndi mgaiwa. Ndipo mwezi umene ndalama yavuta, phikani mgaiwa wa nsinjiro ndi nthochi mtima uli m'malo. Banja lanu silinamanidwe kanthu.

Mwana wamng'ono

Mwana ayamwe bere lokha mpaka atakwanitsa miyezi 6. Kuyambira pamenepo angathe kumwa phala la oats uku akupitiriza kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Sinjani oats wouma mu mtondo woyera, sefani, ndipo ufa wakewo muphike mphindi 5 kapena kuposerapo. Phala la mwana likhale logwirana, loti mukapendeketsa supuni lisayoyoke ngati madzi. Kamimba kake n'kakang'ono, ndipo mukakadzaza ndi phala lamadzi mwana amakhuta koma osanenepa. Tsiku lililonse onjezani chimodzi kapena ziwiri mwa izi: nsinjiro yosefa, dzira lopsa bwino, ufa wa usipa, supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, nthochi kapena peyala lokanya, masamba ophika osinja. Chakudya chatsopano muyambe ndi pang'ono, ndipo mukaona zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika, thamangirani kuchipatala.

Mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi ngakhale pang'ono, chifukwa mu uchi mumatha kukhala tizilombo toyambitsa matenda oopsa ofooketsa thupi la khanda. Mchere ndi shuga nazonso musathire. Patulani phala lake musanakometse la akulu. Mtedza wathunthu ungamutsamwe mwana wosakwana zaka 5. Ndipo phala la oats limasunga moto mkati ngakhale pamwamba patazizira, ndiye takasani n'kudontheza pamkono panu musanamupatse.

Odwala shuga ndi ena

Odwala matenda a shuga asankhe oats wophwathalala kapena woduladula, osati wa instant, chifukwa wopyapyalayo amagayika msanga ndipo shuga amakwera msanga. Asapitirire theka la kapu, asathire shuga kapena uchi, ndipo aphatikize nsinjiro, dzira kapena chambiko. Amene ali ndi makina oyezera ayeze pakatha maola awiri kuti aone mmene thupi lawo lalilandirira. Amene adokotala anawaletsa zakudya za tirigu adziwe kuti oats wambiri amasakanikirana ndi tirigu kumunda ndi kufakitale, ndiye afunse kaye kuchipatala. Ngati simunazolowere zakudya za gaga, masiku oyamba m'mimba mungadzaze mpweya. Yambani ndi pang'ono ndipo muzimwa madzi okwanira.

Kasungidwe ndi zotsala

Mukatsegula paketi, khuthulirani oats m'botolo kapena m'chigubu chouma chotsekeka bwino, ndipo muike pamalo ozizira, kutali ndi moto, sopo ndi parafini, chifukwa oats amakoka fungo. Nthawi ya mvula muzimuyang'ana kawirikawiri. Akayamba kununkha ngati mafuta okhalitsa, kuwawa, kapena kuchita nkhungu, tayani.

Phala lotsala limalimba likazizira, ngati mkute. Nkhani zakale za ku Scotland zimati mabanja ena ankathira phala m'dirowa ya kabati, likalimba n'kumadula zibenthu zotenga popita kuntchito. Ife tisatengere zimenezo, kuno n'kotentha. Ngati muli ndi firiji, liikeni m'menemo pasanathe maola awiri, ndipo lidyedwe m'masiku awiri. Potenthetsa thirani madzi pang'ono, phwanyani ndi mthiko, liwire mpaka pakati. Popanda firiji, ligwiritseni ntchito m'mawa womwewo: sakanizani ndi nthochi yokanya ndi ufa pang'ono, umbani timibulu n'kukazinga ngati zitumbuwa, ana atenge kusukulu. Phala limene mwana wamng'ono wasiya m'mbale yake lisasungidwe kuti adzamwe masana.

Poto wophikira oats musamusiye aume, chifukwa phala lake limamatirira ngati ulimbo. Mukangomaliza kupakula, mudzazeni ndi madzi ozizira, osati otentha, ndipo mumusiye pambali. Pofika nthawi yotsuka mbale, zomatirira zija zimakhala zitafewa, moti zimachoka ndi dzanja popanda kupala ndi mchenga.